Wogulitsa Magemu a Malangalanga Stars

"Ndiye mukundiuza kuti tinasewera bwino?" anafunsa a Nebert uku akuyeza misomali pa sikelo, osacheuka n'komwe.

"Si ine ndikutero, tcheya, ndi manambala," anayankha Chigomezgo akutambasula pepala lake pa kauntala. "Mpira tinakhala nawo ndife pafupifupi masewero onse. Pa mapasi khumi alionse, asanu ndi anayi amafika pa mwendo wa mnzawo. Anyamata a ku Dowa aja ankangotithamangira pambuyo."

"Ankatithamangira pambuyo, koma mapointi atatu agona ku Dowa."

Zinalidi choncho.

A Nebert anali mwini sitolo ya zipangizo zomangira ku Area 1, komanso wapampando wa Malangalanga Stars, timu ya amalonda a ku Old Town yomwe inkasewera mu ligi ya m'chigawo cha pakati. Chigomezgo Msowoya sanali wamalonda. Kwawo kunali ku Rumphi, ankagwira ntchito ya ziwerengero ku Capital Hill, ndipo ankakhala ku Area 15, komwe munthu amadziwa bwino galu wa neba kuposa neba mwini wake. Mu timuyi analowamo kudzera mwa mlamu wake Mayankho, mchimwene wamng'ono wa mkazi wake Eneless, yemwe anali kaputeni.

Chaka chimenecho Chigomezgo anadzipereka kuti azijambula masewero onse pa kamera, ataimirira pamwamba pa lole ya a Nebert. Akafika kunyumba ankawerenga chilichonse: ndani wapatsira mnzake bwino, ndani wataya mpira, ndani walanda. Lolemba lililonse ankatulutsa mndandanda wa osewera, wochita bwino pamwamba, wofooka pansi. A Nebert anaukonda mndandandawo monga ankakondera sikelo yawo, moti anaikapo lamulo lakuti awiri a pansi penipeni azikhala pa benchi masewero otsatira, kaya akhale ndani. Mphunzitsi wa timu, a Lawford, anang'ung'udza, koma mayunifolomu ndi mafuta a lole ankagula ndi a Nebert, ndiye nkhani inathera pomwepo. Chigomezgo zinamusangalatsa, ngakhale sankaonetsera. Ku ofesi malipoti ake ankangochita fumbi m'mashelefu, pomwe kuno pepala lake linkakhazika pansi munthu wandevu zake. Masapota anamupatsa dzina loti Bwana Manambala, ndipo akamuitana choncho ankayankha msanga.

Vuto linali limodzi. Manambala ankakwera sabata ndi sabata, koma timu inkatsika. Chigawo choyamba cha ligi anachimaliza ali kumtunda, akusewera mwachisawawa, kutaya mpira apa ndi apo, koma akumwetsa zigoli. Chigawo chachiwiri anasanduka timu yaudongo, yosataya mpira, yosamwetsanso. Ankagonja ndi chigoli chimodzi, kapena kufanana mphamvu popanda wogwedeza ukonde. Tsopano anali atatsetsereka mpaka kunsi, komwe matimu atatu amatsanzika ligi ikatha.

A Nebert anamanga misomali ija m'pepala, kupatsa kasitomala, kenako anamukodola Chigomezgo kuti asendere kuseri kwa matumba a simenti.

"Tamverani, a Msowoya," anatero motsitsa mawu. "Ine ndayamba kugulitsa simenti inu muli ku sukulu. Sitolo ikamadzaza makasitomala koma phindu osaoneka, sindipita kwa sing'anga. Ndimadziwa kuti katundu akutulukira khomo la kuseri. Mu timu muja muli munthu akutigulitsa."

"Zimenezo zimafuna umboni, tcheya."

"Umboni uli m'kamera mwanumo. Inu mumangowerenga miyendo. Ulendo uno kawerengeni nkhope."

Mawu amenewo anamulowa Chigomezgo ngati kaminga ka m'chala. Sabata yonseyo akaweruka ankangofikira pa kompyuta, tayi ali m'khosi, n'kumabwezera m'mbuyo masewero akale.

"Bambo a Rejoice, mpira womwewo mwaubweza kangati?" anafunsa Eneless tsiku lina akumuikira tiyi. "Ngakhale muubweze mpaka Khirisimasi, a ku Dowa agoletsabe."

Chigomezgo sanaseke. Anali atangoona chinthu chachilendo.

Munthu amene wakhala zaka akuwerenga ziwerengero za boma amaopa manambala aulemu kwambiri. Zochitika zenizeni zimabwera mosokonekera, ndipo zikafola mwadongosolo ngati ana a sukulu pa asembule, ndiye kuti pali dzanja la munthu. Kumayambiriro kwa ligi, mayina a pansi pa mndandanda ankabwerezabwereza. Kawirikawiri ankakhala Twahir, womwetsa zigoli wa timuyi, mnyamata wokonda kunjanja ndi kuombera patali, yemwe ankataya mpira kuposa aliyense. Koma kuyambira pakati pa chaka, palibe anagwera pansi kawiri anzake onse asanagwerepo kamodzi. Sabata ino awa, sabata yamawa awo, mpaka mzere kuzungulira. Osewera mpira safooka mosinthanasinthana chonchi.

Ndiye anachita zomwe a Nebert ananena, anasiya miyendo n'kuyang'ana nkhope. Masewero asanayambe, anyamata onse ankakumbatirana mozungulira n'kupemphera. Pemphero likatha, Mayankho ankadutsa pakati pawo n'kugwira osewera awiri pamutu. Chigomezgo anabweza masewero a ku Dowa: awiri ogwidwa pamutuwo ndi omwe anathera pansi pa mndandanda. Anabweza a ku Mchinji, chimodzimodzi. A ku Kasungu, chimodzimodzi. Anthu awiriwo ankayendayenda m'bwalo ngati alendo pa ukwati. Sankaitana mpira, anzawo sankawapatsira, ndipo chigoli cha a ku Dowa chinadutsira mbali ya mmodzi wa iwo.

Anatseka kompyuta Eneless asanaone nkhope yomwe inali itaima pa sikirini. Anachita mantha, komanso pansi pa manthawo panali kachisangalalo ka munthu amene wapeza yankho. Anakumbukira kuti mwezi wathawo Mayankho anagulira mayi ake malata a khitchini ku Mitundu. Pa nthawiyo onse anamuyamikira. Tsopano malatawo anayamba kumulira m'mutu.

Lachisanu masana anatsikira ku Old Town. Mayankho ankagulitsa nsapato za kaunjika pa kashedi pafupi ndi msika, ndipo moyandikana ndi kashediko panali kanyumba kobetchera mpira. Chigomezgo anali atadutsapo kambirimbiri, koma kanyumbako anakaona bwino tsiku limenelo. Pa shedi panali osewera angapo, mitu pamodzi, Mayankho akuwerenga pa zala. Atangomuona, onse anangoti zii. Twahir anatola nsapato ya chizimayi n'kumaiyang'ana kunsi ngati akufuna kugula.

"Alamu, mwatsika kuphiri?" anatero Mayankho akumwetulira. "Saizi yanu ilipo, ya anthu oyenda pa kapeti."

"Ndimangodutsa, alamu."

"Msewu wochoka ku Capital Hill kupita ku Area 15 unayamba liti kudutsa kumsika? Kapena achemwali akuthamangitsani?"

Anyamata anaseka, koma kuseka kwake kunali kofulumira, ndipo mmodzimmodzi anayamba kutsanzika. Atatsala awiri, Chigomezgo anakhala pa kampando koyesera nsapato.

"Pali kanthu ndaona mu kanema. Mukatha kupemphera mumagwira anyamata awiri pamutu. N'chiyani chimenechi?"

"Madalitso, alamu. Kwanu ku mpoto simudalitsana?"

"Madalitso ake otani oti wodalitsidwayo amakathera pa benchi?"

Kumwetulira kunachoka pa nkhope ya Mayankho. Anatenga burashi n'kuyamba kupukuta nsapato yomwe inali yowala kale.

"Alamu, inu werengani zanu. Za m'bwalo tisiyireni ife."

Nthawi yomweyo munthu wina anatuluka m'kanyumba kobetchera muja, kapepala kali m'manja. "Kaputeni, mawa tiike pati?" anafuula akudutsa.

"Ikani pa ife ngati mukufuna kulira," anayankha Mayankho, ndipo munthuyo anapitirira akuseka.

Chigomezgo anabwerera ku ofesi mutu uli wolemera. Koma popeza anali munthu wa sukulu, anaganiza zoyesa kaye. Loweruka, ali pamwamba pa lole, anaonetsetsa pemphero lija. Mayankho anagwira pamutu wotseka kumbuyo wa kumanzere ndi wosewera pakati mmodzi. Chigomezgo ananena mayina awiriwo chamumtima oyimbira asanaimbe wezulo yoyamba. Malangalanga Stars inapatsirana mpira bwinobwino masana onse, n'kugonja ndi chigoli chimodzi kwa timu ya ku Salima. Atawerenga Lamulungu atachoka ku tchalitchi, mayina a pansi anali awiri omwe aja.

Lolemba anapezekanso kuseri kwa matumba a simenti.

"Tcheya, pali chomwe ndapeza, koma chikhale pakati pathu kaye. Tifufuze modekha."

"Dzina," anatero a Nebert.

Chigomezgo anawaonetsa kanema pa foni, kugwira pamutu kwa ku Dowa, kwa ku Mchinji, kwa Loweruka lomwelo. Anafotokoza za mzere wosinthanasinthana, za kanyumba kobetchera, ngakhale za malata. Ankalankhula bwino ngati ali pa msonkhano wa ku ofesi, ndipo pomwe ankamaliza dzina linali litatuluka lokha.

"Mlamu wanu yemwe?" A Nebert anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Ndiye kuti n'zoona basi. Munthu sangamunamizire mlamu wake."

"Sindinati ndi zotsimikizika, tcheya. Ndati tifufuze."

"Osadandaula, a Msowoya. Pakamwa panga ndi pa loko."

Loko wa a Nebert anagwira mpaka nthawi ya nkhomaliro, pomwe Gregory, mkulu wa masapota, anabwera kudzagula mahinjesi. Pofika madzulo nkhani inali m'kamwam'kamwa kuyambira ku depoti mpaka ku mlatho.

Lachiwiri Chigomezgo ataweruka anapeza geti la kunyumba lili lokhoma, chinthu chomwe Eneless sankachita dzuwa lisanalowe. M'chipinda chochezera munali Mayankho, malaya ong'ambika paphewa, mlomo wotupa, diso limodzi litatsekeka. Eneless anali atagwada pambali pake ndi beseni la madzi ofunda.

"Aphwanya shedi," anatero Eneless osadzutsa mutu. "Nsapato zonse azitaya mu ngalande, zina atola anthu. Akuti wagulitsa magemu. Akuti umboni wabwera ndi Bwana Manambala." Apa ndi pomwe anamuyang'ana. "Bambo a Rejoice, Bwana Manambala ndi ndani?"

Chigomezgo anaima ndi chikwama chake m'manja. Anafuna kunena kuti anawapempha a Nebert kuti asunge chinsinsi, koma ngakhale iye mwini anamva kuti mawuwo ndi opanda pake. M'malo mwake anaumitsa khosi.

"Alamu, ndinakufunsani Lachisanu, munandiyankha zachipongwe. Manambala akuonetsa kuti mumasankha anthu awiri gemu isanayambe, ndipo anthuwo sasewera. Mukane."

"Sindikana," anatero Mayankho. Ankalankhula ndi mbali imodzi ya kamwa. "Chipereganyu mumachidziwa, alamu? Chija amachita amayi a kumsika, mwezi uno alandire uyu, mwezi wamawa uyo?"

"Chikugwirizana bwanji ndi mpira?"

"Ife tinachita chipereganyu cha benchi. Lamulo lanu lija litangoyamba, amene ankakhala pansi anali omwewomwewo. Twahir amamwetsa chigoli Loweruka, Lolemba mwamuika kunsi chifukwa wataya mpira kambiri posaka chigoli chomwecho. Anyamata anaona msanga kuti wofuna kusewera azingopatsira amene ali pafupi. Anayamba kubisirana mpira, kutukwanizana mu lole pobwerera. Tsiku lina ku Ntchisi awiri anagwirana pakhosi. Ndiye ndinawakhazika pansi, ndinati amangwetu, tisadane chifukwa cha pepala. Benchi ikhale ya tonse. Amene sabata yake yakwana ndimamugwira pamutu, anzake amamumana mpira kuti manambala ake atsike, iyenso osaupempha. Yanga ikakwana nanenso ndimakhala. Basi, nkhani yake ndi yomweyo."

Chigomezgo anakhala pansi, chikwama chikadali m'manja.

"Ndiye kuti m'bwalo mumasewera anthu asanu ndi anayi okha."

"Tinkaona ngati n'zazing'ono. Mpira tinali nawo ndife, pepala lanu linkati tikuchita bwino. Kungoti otsalawo aliyense ankaopa kutaya mpira, kuti angagwere pansi sabata yake isanakwane n'kusokoneza mzere. Ndiye wolimba mtima woti aombere pagolo anasowa." Mayankho anagwira mlomo wake, n'kuyang'ana chala. "Ndinaona kuti tikumira, koma ndinali nditayambitsa ndine. Ndikanathetsa bwanji ena atakhala kale pa benchi, ena asanakhale?"

"Nanga kanyumba kobetchera kaja?"

"Munalowamo, alamu? Muja amabetcha za ku Ulaya. Malangalanga ndi Dowa angaikepo ndalama ndani?"

"Malata a mayi anagula ndi ndalama zomwe anapeza atagulitsa nsapato za sukulu mu Sepitembala," anawonjezera Eneless, ngakhale palibe anamufunsa. "Ngati nawonso munawawerenga."

Manyazi anamugwira Chigomezgo mpaka m'makutu. Anaona kuti zonse zomwe anaziona zinali zoona, kupatula chomwe anaziphatikizira. Anaimirira.

"Ndikupita kwa tcheya pompano. Ndikawauza zonse, ndipo iwo akawauze masapota."

"Khalani pansi, alamu."

"Dzina lanu laipa chifukwa cha ine."

"Laipa kale. Tcheya mumawadziwa. Akamva kuti timu yonse yakhala ikuseweretsa lamulo lawo miyezi yonseyi, athamangitsa aliyense, komanso akawaneneza ku akuluakulu a ligi kuti amakonza magemu. Kukana kwake akana bwanji? Kanema muli naye ndinu. Ine maondo anatha, chaka chino chinali chomaliza. Koma Twahir akumufuna a ligi yayikulu. Ena aja mpira ndiye khasu lawo. Zatsala gemu ziwiri, mukufuna tcheya alowetse m'bwalo ogulitsa simenti?"

"Ndiye iwe ukhale ndi dzina la wakuba?" Eneless anaponya kansalu m'beseni, madzi n'kuthovukira pa kapeti. "Mayi akamva kuti mwana wawo ndi Yudasi uwauza chiyani? Inu nonse awiri mitu yanu ndi yofanana. Wina kuwerenga osafunsa, wina kufunsidwa osayankha."



M'mawa mwake Chigomezgo anapitabe ku Area 1, koma anapita ngati munthu woponda pa matope, kuyesa kaye ndi chala.

"Tcheya, ndaunikanso bwino. Mwina manambala aja ndinawamva molakwa."

"Manambala salakwa, a Msowoya. Mumatero ndinu, chaka chonse." A Nebert anamuyang'anitsitsa. "Kapena akazi anu akulirirani? Ndikumvetsa, banja ndi banja. Koma tandiuzani chinthu chimodzi. Anali yekha? Chifukwa ngati pali ena anagwirizana naye, ndipatseni mayina lero lomwe. Ndichotsa onse, ngakhale atakhala timu yonse, ndipo kalata ipita ku ligi kuti asadzapondenso bwalo lililonse."

Chigomezgo anagwira njakata. Nkhope za anyamata aja zinamudutsa m'maso, Twahir ndi nsapato yake ya chizimayi m'manja.

"Anali yekha," anatero.

Chomwe anakwanitsa tsiku limenelo chinali chimodzi. Anawauza a Nebert kuti ku ofesi kwachuluka ntchito, sakwanitsa kutulutsa mndandanda pa masewero awiri otsalawo, ndiye a Lawford azisankha okha osewera. A Nebert anavomera mosavuta, poti wakuba anali atagwidwa kale. A Lawford atamva anangopuma mozama n'kumugwira Chigomezgo paphewa.

Mayankho anakhala ku Area 15, geti lili lokhoma. Masana ankathirira maluwa a mlongo wake, ndipo galimoto ikaima panja ankalowa m'nyumba. Osewera ankamuimbira foni mobisa, ena akulira. Iye ankawakalipira kuti atseke pakamwa n'kukasewera mpira. Eneless ankamuphikira mwamuna wake, kumuchapira, kumuyankha akafunsa, koma nthabwala zake zonse zinauma.

Loweruka lotsatira Malangalanga Stars inalowa m'bwalo ngati ng'ombe zotsekulidwa m'khola. Anataya mpira mosawerengeka, anaombera patali, anaphonya, anaomberanso. Anapambana ndi zigoli ziwiri kwa chimodzi. Chigomezgo ali pamwamba pa lole anamva masapota pansi pake akuuzana kuti, "Mwaona? Wangochoka Yudasi, zigoli zabwera." Mtima wake unagawika pakati. Ankafuna kuti timu ipulumuke, komanso ankadziwa kuti chigoli chilichonse chikukhomera msomali pa dzina la mlamu wake.

Masewero omaliza anali a pakhomo, ndipo ankafunika kupambana basi. Twahir anamwetsa chigoli choyamba ndi mutu, alendo anabweza, kenako kutatsala pang'ono kuti masewero athe, Twahir yemweyo anadutsa anthu atatu n'kuombera pakona. Bwalo linagwedezeka. Malangalanga Stars inatsala mu ligi. Masapota anamutsitsa Chigomezgo pa lole n'kumunyamula m'mwamba, ndipo Gregory, fungo la mowa lili thothotho, anamukuwira m'khutu.

"Bwana Manambala, mwaipulumutsa timu ndinu. Tamva kuti Yudasi akubisala kwanu. Osadandaula, tibwera tidzamupatse moni."

Chigomezgo anathamangitsa galimoto mpaka ku Area 15. Anapeza Mayankho atakhala pafupi ndi wailesi, maso ali ofiira, akumwetulira ndi mlomo wake wosapola uja.

"Tatsala, alamu," anatero Mayankho.

"Mwatsala. Koma longedzani, ndikakusiyeni ku Mitundu dzuwa lisanalowe. Gregory akubwera ndi gulu."

Katundu sanali wambiri. Eneless anasiya mwana kwa neba n'kukhala kutsogolo. Mayankho anagona pansi kumbuyo, pakati pa mipando, mlongo wake n'kumufunditsa chitenje ndi kuikapo dengu pamwamba. Chigomezgo anati adzere msewu wolambalala tauni.

"Ayi, alamu," anamveka mawu pansi pa chitenje. "Tidzere ku Old Town. Zaka zonsezi ndasewerera anthu amenewa. Ndiwamveko akusangalala."

"Wapenga iwe?" anatero Eneless.

"Achemwali, chonde."

Anadzera ku Old Town. Atangowoloka mlatho anakumana ndi chikhamu cha anthu chitadzaza msewu, mavuvuzela, ng'oma, a kabaza akuliza mabelu, amayi a kumsika akuvina ndi mabeseni pamutu. Wina anaizindikira galimoto, ndipo posakhalitsa anthu anaizungulira, kumenya denga ndi zikhatho. Ankaimba nyimbo ya timu, koma anali ataikamo mawu atsopano, otamanda Bwana Manambala ndi kutukwana Mayankho potchula dzina lake ndi la mudzi wake. Gregory analowetsa mutu pa windo.

"Bwana, Yudasi ali kuti?"

"Anachoka kale," anayankha Chigomezgo. "Sindikudziwa komwe wapita."

"Athawe ndithu. Akadzapondanso kumsika kuno tidzamudyetsa nsapato zake. Amayi, muli ndi mwamuna inu. Wosaona nkhope, ngakhale ya mlamu wake."

Eneless anangoyang'ana kutsogolo, manja atapinda pamiyendo. Kuti anthu apatuke, Chigomezgo anayenera kutulutsa dzanja pa windo n'kuwabayibitsa. Anatero, akumwetulira, ndipo khamu linakuwa mokondwa n'kumutsegulira njira. Chibadwire anali asanadzidepo ngati mmene anadzidera pa nthawi imeneyo.

Atadutsa ku Biwi phokoso linazilala. Mayankho anakankha dengu, kudzuka, n'kukhala pa mpando. Anacheuka kuyang'ana kumbuyo kwa kanthawi.

"Aimba bwino," anatero. "Ng'oma ija ndi ya mnzanga Ikram, ndaimva."

Eneless anaphimba nkhope ndi manja n'kuyamba kulira mosatulutsa mawu.

"Alamu, ligi yatha," anatero Chigomezgo. "Twahir akangosaina kwina, ndikanena zoona. Kwa tcheya, kwa Gregory, kwa aliyense. Ndikaima pakati pa msika."

"Mukanene kuti chiyani? Kuti sindinkagulitsa?" Mayankho anapinda chitenje chija bwinobwino n'kuchiika m'dengu. "Ndili m'timu tinkagonja. Ndachoka, apambana kawiri. Inu ndinu munthu wa manambala, alamu. Ngakhale ine, ndikanakhala sapota, sindikanakukhulupirirani."

 Chigomezgo anayatsa magetsi a galimoto, n'kukhotera msewu wa ku Mitundu.